Kashopu ka makolona pa Luchenza

Ine ndine wa CCAP, wobatizidwira ku Mulanje Mission, koma apongozi anga ndi Akatolika enieni. Kolona wawo ataduka, anandituma ku kashopu kena pa Luchenza, pafupi ndi pokwerera minibasi.

Ndinalowa monyinyirika. Pashelefu panali tizifaniziro ta Amayi Maria, tina tafumbi, kamodzi kobenthuka mphuno. Pakamwa panga posagona mawu, ndinafunsa mayi wogulitsa: "Mayi, Eksodo 20 yoletsa mafano simuwerenga kodi?"

Sanakwiye. Anasolola chithunzi cha malemu amuna awo m'kachikwama. "Bambo, ndikachipsompsona ichi, ndiye kuti ndikupembedza pepala?" Akuti kupembedza n'kwa Mulungu yekha. Maria ndi oyera mtima amangowalemekeza n'kumawapempha kuti awapempherere, n'chifukwa chake mu Tikuoneni Maria amati "mutipempherere ife". Anatchulanso msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa mu 787 womwe unasiyanitsa kupembedza ndi kulemekeza. Ulaliki wonsewu unali waulere!

Zogwadira chifaniziro mtima wanga ukukanabe, 1 Timoteo 2:5 imati mkhalapakati ndi mmodzi. Koma mawu oti mafano sindinawabwerezenso.

Gulani kolona wamtengo, wapulasitiki ulusi wake ndi wofooka. Chenji analibe, anandipatsa maswiti awiri.