Heat pump yathu ndi kuchotseredwa msonkho: zimene taona patadutsa chaka

Heat pump (makina a magetsi otenthetsa nyumba m'chisanu ndi kuiziziritsa m'chilimwe) imene tinaikitsa m'nyumba yathu kuno ku Indiana, m'dziko la America, chakumapeto kwa 2024 ikugwira ntchito bwino, ndipo ndalama zimene boma la America linalonjeza kutichotsera pa msonkho zinachotsedwadi. Komabe kwa anzathu amene akhala akufunsa ngati mwayi wa msonkhowu paokha unali chifukwa chokwanira chogulira makinawa, yankho langa ndi lakuti ayi.

Mwayiwu unakulitsidwa ndi lamulo la Inflation Reduction Act limene Pulezidenti Joe Biden anasainira mu August 2022. Kuyambira 2023, munthu woikitsa heat pump yovomerezeka ankachotseredwa 30 peresenti ya mtengo wa makina ndi amisiri omwe, koma osapitirira $2,000 pachaka. Panalinso $1,200 ina ya mawindo, zitseko ndi zotchingira kuzizira m'denga. Mawu akuti 30 peresenti amakoma m'khutu, koma malirewo amafika msanga, pakuti mtengo ukangokwana $6,667, zonse zapamwamba pake zimakhala za m'thumba mwanu. Ife tinalipira zoposa kuwirikiza kawiri ndalama imeneyi, choncho thandizo lenileni silinafike ndi 15 peresenti yomwe. Ndiponso kandalama kamene kampani ya magetsi inatibwezera kanayenera kuchotsedwa pa mtengowo tisanawerengere.

Chimene chinatilemera kwambiri ndi nthawi. Amisiri analandira zawo zonse ntchito itangotha, pamene ife tinadikira mpaka nyengo yolemba za msonkho ya chaka chotsatira, pomwe tinadzaza fomu yotchedwa Form 5695 ya IRS, bungwe la boma lotolera misonkho, ngongole ya makinayo ikubereka chiwongoladzanja. Chinanso chimene ogulitsa sachitchula kawirikawiri n'chakuti mwayiwu sungapose msonkho umene munthu ayenera kulipira chaka chimenecho, ndipo zotsala sizisungidwira chaka chamawa. Izi zimandipweteka mtima, chifukwa banja la malipiro ochepa, limene bilu ya m'nyengo yachisanu imalifinya koposa, ndilo limapindula pang'ono.

Kunena za makinawo, m'chilimwe ndilibe nawo dandaulo, chifukwa amaziziritsa nyumba mwakachetechete ndi kuchotsa chinyontho. M'chisanu ndi momwe munthu amafunika kuwazolowera. Mpweya umene amatulutsa ndi wofunda chabe, osati wotentha ngati wa makina a gasi, moti ukaika dzanja pa kabowo ka pansi kotulukira mpweyawo umayamba kukayikira ngati akugwiradi ntchito, chonsecho chipinda chatentha kale bwinobwino. M'mawa kukazizira kwambiri, makina a heat pump amene ali panja pa nyumba amaimitsa chokupizira mphepo kwa mphindi zingapo n'kutulutsa nthunzi yoyera, madzi akudontha pansi pake. Kumeneko n'kusungunula madzi oundana pa zitsulo zake, si kuwonongeka ayi. Tinasunga makina athu akale a gasi kuti azilandira ntchito kuzizira kukafika povuta, ndipo m'mwezi wa January tinaona kuti tinachita bwino. Bilu ya gasi inatsika, ya magetsi inakwera, ndipo tikaphatikiza ziwirizi phindu lilipo koma lochepa, popeza gasi kuno ndi wotsika mtengo. Amene amatenthetsa nyumba ndi propane (gasi wosungidwa m'matanki) kapena mahita wamba a magetsi ndiwo angaone kusintha kwakukulu, pakuti heat pump imapereka kutentha kowirikiza kawiri kapena katatu kuyerekeza ndi mahitawo pa magetsi omwewo.

Chimene chinasintha nyumba yathu moonekeratu, pa ndalama zochepa, ndi zotchingira kuzizira zimene tinaonjezera m'denga, ngakhale kuti pa izi boma linawerengera mtengo wa zipangizo zokha, osati malipiro a amisiri. Zipinda zam'mwamba zinasiya kuzizira usiku, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambire pamenepa asanaganize za makina.

Mwayiwu tsopano watsekedwa. Lamulo limene Pulezidenti Donald Trump anasainira pa 4 July 2025 linauthetsa pa zipangizo zonse zoikidwa pambuyo pa 31 December 2025. Amene anaikitsa mu 2025 ali nawobe ufulu wouitanitsa pa msonkho wa chaka chimenecho, koma ayenera kusunga lisiti ndi kupeza nambala yozindikiritsa kampani yopanga makinawo, yotchedwa QMID, chifukwa IRS imaifuna pa fomuyo.