Bokosi la ma DVD logula pa intaneti: ndi lokopera, musaligule

Nyenyezi imodzi mwa zisanu. Ndi bokosi la zimbale 6 za sewero la pa TV, logulidwa pa eBay, msika wa pa intaneti, kwa munthu wamba amene analemba kuti ndi lenileni, la Region 2 (losewera pa makina a DVD a chigawo chimenecho okha, monga a ku Ulaya), longogwiritsidwako ntchito pang'ono. Bodza lenileni.

Tembenuzani chimbale muone kunsi. Chodindidwa ku fakitale chimawala ngati siliva, koma izi n'zapepo, mtundu wa DVD-R yowotchera pa kompyuta. Pa mkombero wapakati, pafupi ndi bowo, pamayenera kukhala timalemba ting'onoting'ono toyamba ndi IFPI tosonyeza fakitale. Pa zonse 6 palibe. Pepala la pachikuto nalo ndi lofifia, ndipo malemba aang'ono akumbuyo sawerengeka.

Chowawa kwambiri ndi chithunzi. Mukalowetsa chimbale mu kompyuta chimaonetsa kuti sichidutsa 4.7 GB, pamene magawo anayi a sewero, lililonse la ola limodzi, amafuna chimbale cha 8.5 GB. Ndiye kuti okoperawo anafinya kanema kuti akwane. Zochitika za usiku zimatuluka timabokosi takuda, nkhope za anthu n'kusungunuka, ndipo chimbale chachinayi chimangoima pakati pa gawo lomaliza. Zonse zimaseweranso pa makina a Region 5, a ku Malawi ndi Zambia, chinthu chimene chimbale chotsekedwa ku Region 2 sichingachite.

Ndalama zimabwera, bola musagone. eBay imapereka masiku 30 kuchokera tsiku limene katundu wafika. Tsegulani pempho lobweza katundu pa akaunti yanu, sankhani chifukwa chakuti sakuoneka weniweni, ndipo ikani zithunzi zooneka bwino: kunsi kwa chimbale, mkombero wapakati, chikuto ndi kukula kwake pa kompyuta. Wogulitsa ali ndi masiku atatu ogwira ntchito kuti ayankhe. Akakhala chete kapena akakana, pemphani eBay ilowererepo. Ndalama yotumizira katundu wotere kubwerera ndi yake, si yanu.

Wogulitsa uyu amanyengerera kuti mutseke pempho kaye, ati akutumizirani theka la ndalama pambali. Musavomere. Pempho likatsekedwa silitsegukanso. Amene analipira kudzera pa PayPal, njira yolipirira pa intaneti, angathenso kudandaula kumeneko.