Makalasi a Chingerezi a pa WhatsApp aja: ndalama sinapite pachabe koma pali zoti akonze

Anthu angapo akhala akundifunsa za makalasi a Chingerezi a pa WhatsApp omwe amaphunzitsa madamu ena opuma pa ntchito aja, akuti kodi nzenizeni kapena ndi zongodyera anthu ndalama ngati magulu ena oti ukalipira amangokuponyera ma PDF okopera kwina basi. Ndiye ndati ndingoyankha kamodzi onse amve. Dzina lawo ndi nambala sindiika chifukwa sindinawapemphe chilolezo, koma za maphunzirowo ndinena zonse, zabwino ndi zoipa zomwe.

Zimayenda chonchi, umalipira pamwezi pa Airtel Money kapena Mpamba, amakulowetsa m'gulu, madzulo madamu amatumiza voice note ya phunziro kenako ntchito yoti ulembe pa pepala ujambule pa foni nkuwatumizira, iwo amachonga nkukubwezera. Ambiri m'gulumo ndi obwereza MSCE, ena ndi a bizinesi, ena ngati ine timangofuna kalata ya kuntchito izituluka yoyera. Mtengo wake ndi wotsika kuposa part time wa maso ndi maso.

Phunziro limene landichititsa kulemba izi ndi la apostrophe, kakoma kam'mwamba kaja, makamaka pamene eni chinthu ali ambiri. Nkhani imeneyi imavuta anthu ngakhale a madigiri ndipo madamu anayamba nkutiuza chifukwa chake, akuti khutu silingakuthandizeni apa, girl's ndi girls ndi girls' onsewa pakamwa amamveka chimodzimodzi. Ife ku Chichewa tinazolowera kuti hositelo ya mtsikana ndi hositelo ya atsikana umamviratu kusiyana kutsogolo kwa mawu, ndipo nkhodolero yathu timaiika m'mawu ngati m'nyumba kapena ng'ombe, ilibe chochita ndi umwini. Ndiye munthu akafika ku Chingerezi amangoponya kakomako paliponse pamene waona s.

Njira yawo ndi imodzi yokha ndipo amaibwereza mpaka ikulowe. Akuti iwalani kaye za kakomako, lembani eni akewo mochuluka, mukatero yang'anani lembo lomaliza. Likakhala s ikani apostrophe kumapeto basi musawonjezere kalikonse, girls imakhala girls' hostel, teachers imakhala teachers' houses, farmers imakhala farmers' club. Likakhala kuti si s, monga children, women, men, people, ndiye mumaika apostrophe kenako s, children's ward, women's group, men's shoes. Childrens' kulibe, womens' kulibe, chifukwa childrens ndi womens si mawu nkomwe. Kwatha. Sanatipatse malamulo khumi oti tiloweze.

Chomwe chinandisangalatsa kwambiri ndi chakuti zitsanzo zawo sazitenga m'buku, anatiuza kuti aliyense atsegule kalendala. Pa 3 March timalemba Martyrs' Day, kakoma kali kumapeto chifukwa amene tikuwakumbukira ndi ambiri, anthu amene anaphedwa mu 1959 nthawi ya State of Emergency monga aja a ku Nkhata Bay, ndiye ukalemba Martyr's Day ndiye kuti wanena kuti anafa munthu mmodzi. Apa gulu lonse linamvetsa kuti si nkhani yokongoletsa chabe. Pa 8 March ndi International Women's Day, women ilibe s ndiye 's. Pa 5 October ndi World Teachers' Day. Kenako pa 15 October mpamene panabuka mkangano, bambo wina m'gulumo anafunsa kuti nanga madamu bwanji timalemba Mother's Day pomwe amayi ndi ambirimbiri dziko lonse, kodi si kulakwitsa kumeneko? Madamu sanamunyoze, anafotokoza kuti dzinali linachokera ku America kwa Anna Jarvis amene anayambitsa tsikuli, boma la kumeneko linalivomereza mu 1914, ndipo iye ankafuna kuti banja lililonse lizilemekeza mayi wawo wawo, mmodzi, nchifukwa chake kakomako kali s asanabwere. Ine yankho limeneli linandikhutiritsa chifukwa mphunzitsi wina akanangoti ndi mmene zilili basi.

Homuweki ya sabata imeneyo inali yojambula zikwangwani kumsika ndi m'misewu, koma anatichenjeza kuti tibise dzina la shopu komanso tisaseke munthu chifukwa mwini wake analipira wolemba ndi chikhulupiriro chonse. Mtsikana wina anatumiza cha saluni cholembedwa ndi penti yofiira kuti Ladie's Hair, kakomako kataikidwa pakati pa e ndi s, madamu anangofunsa kuti kodi ladie ndi ndani, tonse tinaona tokha kuti lady, ladies, kenako ladies' hair. Ena anatumiza Phone's for sale ndi Chip's, apa madamu anati palibe cha munthu aliyense apa, ndi kuchuluka chabe, kakomako kachoke. Panalinso khadi la ukwati lolembedwa mwa mtundu wa The Phiri's invite you, akuti ayi, banjalo ndi the Phiris, ndipo nyumba yawo ndi the Phiris' house.

Kwa ife a makalata gawo lothandiza zedi linali la nthawi, two weeks' notice, three months' salary, five years' experience, koma one month's notice ukakhala mwezi umodzi. Zimenezi zimapezeka mu CV ndi m'kalata yosiyira ntchito tsiku ndi tsiku ndipo ambiri sadziwa nkomwe kuti pamafunika apostrophe.

Ndimawayamikiranso kuti sanamize anthu kuti azungu eni ake onse amatsatira. Anatiuza kuti ku America tchuthi cha pa 11 November amachilemba Veterans Day popanda kakomako, ndipo mumzinda wa Birmingham ku England khonsolo inasiya kuika apostrophe pa zikwangwani za misewu mu 2009 anthu nkudandaula. Ndiye malangizo awo ndi oti likakhala dzina la bungwe kapena sukulu lembani mmene eni ake amalembera, koma m'chiganizo chanu ndi pa mayeso tsatirani lamulo.

Tsopano zoipa zake, ndipo izi ndinawauza kale iwo eni mwaulemu. Choyamba ma voice note ndi aatali kwambiri, bandulo imatha ndipo choipitsitsa nchakuti phunziro la chinthu chooneka ndi maso ngati ichi sungaliphunzitse ndi pakamwa pokha, iwo omwe ananena kuti khutu silimva kusiyana koma nkumapitiriza kunena kuti s apostrophe, apostrophe s, s apostrophe mpaka mutu kuzungulira, pomwe akanangotayipa zitsanzozo kapena kulemba pa pepala nkujambula zikanatheka msanga. Masiku amene anachita zimenezo phunziro linkalowa bwino kwambiri.

Chachiwiri gululo lilibe mwambo. Anthu amatumiza zithunzi za good morning, mauthenga oti tumizani kwa anthu khumi, ena kutsatsa malonda a zitenje, phunziro limakwiririka pansi ndipo ukakhala kuti netiweki inakuvuta tsiku limodzi umasakasaka mpaka kutopa. Akanangotseka kuti azitumiza ndi ma admin okha nkutsegula ola la mafunso bwenzi zili bwino. Kuchonga nakonso kumachedwa makamaka kumayambiriro kwa mwezi anthu atsopano akalowa, chifukwa ali okha ndipo pepala lililonse amachonga ndi cholembera, zimene nzabwino koma kudikira kumatalika. Komanso its ndi it's anangodutsapo mothamanga pomwe ambiri mpamene amagwa, ndikanakonda likanakhala phunziro palokha.

Ndiye kwa amene mukufunsa, ngati mukukonzekera mayeso kapena mumalemba makalata, malipoti, zikwangwani kapena makhadi, lowani, ndalama yanu siipita pachabe. Ngati cholinga chanu ndi kuphunzira kuyankhula Chingerezi momasuka, awa si makalasi ake, kuno ndi kulemba basi palibe nthawi yoyankhulana. Ndipo musanalipire apempheni akutumizireni phunziro limodzi lakale mumve kaye mmene amaphunzitsira, amavomera bwinobwino. Ine ndalipira kale mwezi wamawa chifukwa akuti tiyamba reported speech.