Kusintha mafayilo mu After Effects: zimene pulogalamuyi imakuchitirani ndi zimene imakusiyirani

Aliyense amene amakonza zithunzi zoyenda za malonda kapena mitu ya makanema amadziwa kuti ntchito siithera pa tsiku limene mwaionetsa koyamba. Mwini ntchito amabweranso ndi chizindikiro chatsopano cha kampani, kapena wojambula amatumiza kanema yemweyo atamukonza mitundu, ndipo pamenepo mtima umakhala m'mwamba poganizira maola onse amene anathera poyendetsa chithunzi chakalecho. Ndemanga yanga ili pa mbali yokhayi yosintha mafayilo mu After Effects, pulogalamu ya Adobe imene inayamba mu 1993 m'manja mwa kampani ya CoSA ya ku Providence, isanagulidwe ndi Aldus, yomwenso inagulidwa ndi Adobe mu 1994.

Fayilo ya pulojekiti, ija yothera ndi .aep, simeza makanema ndi zithunzi zimene mwalowetsa, koma imangosunga njira yokafika pamene zili pa kompyuta. Ndiye chifukwa chake fayiloyo imakhala yaing'ono, ndipo ndi chifukwa chomwecho kuti mukasuntha foda kapena kusintha dzina la kanema, pulogalamu imakuonetsani mizere yamitundumitundu pamalo pa chithunzi. Pamenepa After Effects imachita bwino kwambiri: mukailozera fayilo imodzi yokha mwa zosowazo, imafufuza yokha zinzake zimene zinasamukira limodzi ndi kuzilumikiza, mwakuti ntchito imene ikanatenga theka la ola imatha m'kanthawi kochepa.

Njira zosinthira fayilo zilipo ziwiri, ndipo ongoyamba kumene ambiri amagwa m'mbuna chifukwa choziona ngati chinthu chimodzi. Yoyamba ndi Replace Footage, imene mumaipeza posankha fayilo mu Project panel, pamene pamakhala mndandanda wa mafayilo onse amene mwalowetsa, ndi kudina Ctrl+H pa Windows. Njirayi imasintha gwero lenilenilo, kotero paliponse pamene fayiloyo inagwiritsidwa ntchito, kaya ndi mu composition imodzi (malo amene mumasanjamo zithunzi ndi makanema kuti zipange kanema mmodzi) kaya makumi awiri, pamalowa yatsopano nthawi imodzi. Ngati chizindikiro cha kampani chasintha, palibe njira ina yoposa imeneyi. Yachiwiri ndi yosankha layer imodzi (chimodzi mwa zithunzi kapena makanema osanjikizana mu composition) mu Timeline, pamene ma layer amaonekera motsata nthawi, kenaka kukoka fayilo yatsopano kuchokera mu Project panel mutagwira Alt, kapena Option pa Mac, ndi kuiponya pa layer yosankhidwayo. Apa chimasintha ndi layer yokhayo, zina zonse zogwiritsa ntchito fayilo yakale zimatsala mmene zinalili. M'njira zonse ziwiri ma keyframe (zizindikiro zosunga kayendedwe ka chithunzi pa nthawi inayake), ma effect (zosintha maonekedwe a chithunzi) ndi ma mask (mizere yozungulira mbali ya chithunzi imene mukufuna kuonetsa kapena kubisa) amakhalabe m'malo mwake, ndipo kunena zoona, chinthu chokhachi ndi chimene chimandichititsa kuiyamikira pulogalamuyi kuposa zokongoletsa zambiri zimene zimatchuka pa intaneti.

Komabe kusunga kayendedwe ka chithunzi si kumvetsa chithunzicho. Mukachotsa kanema wa 1920x1080 ndi kuikapo wa 3840x2160, Scale, muyeso wa kukula kwa layer, imakhalabe pa 100 peresenti, ndiye chithunzi chatsopano chimatuluka chachikulu kawiri m'litali ndi m'lifupi, mbali zake zitasefukira kunja kwa composition. Ma mask amene munajambula mosamala mozungulira nkhope kapena botolo amawerengedwa potsata kukula kwa layer, motero amapezeka atazungulira chinthu china. Ctrl+Alt+F imakwanitsa chithunzi mu composition, koma ngati Scale inali ndi ma keyframe ake, mwangodzipalira ntchito ina. Amene anazolowera amayamba aika fayilo iliyonse yokayikitsa mu precomp (composition yoikidwa m'kati mwa inzake) ya kukula kokhazikika, n'kuyendetsa precompyo m'malo moyendetsa fayilo yeniyeniyo, kuti tsiku losintha likafika angolowa m'kati, kusintha ndi kukwanitsa chithunzi kamodzi kokha. Ndi nzeru yabwino, ngakhale munthu amaiphunzira kwa anzake kapena atapsa kale chala, popeza pulogalamu payokha simuchenjeza.

Nkhani ya liwiro la mafulemu ndi yobisika kuposa pamenepa, chifukwa maso saigwira msanga. Zithunzi zondondozana, monga PNG kapena EXR zochokera ku pulogalamu ya 3D, zilibe liwiro lolembedwa m'kati mwake, ndipo After Effects imaziwerenga pa mafulemu 30 pa sekondi pokhapokha mutasintha zimenezo mu Preferences. Ngati composition yanu ili pa 25 kapena 24, kayendedwe kamafulumira pang'ono, mawu ndi chithunzi zimayamba kutayana, ndipo mwina mumazindikira ntchito itatsala pang'ono kuperekedwa. Mankhwala ake ali mu Interpret Footage, momwenso mumasankha ngati alpha, mbali ya fayilo yosonyeza malo a chithunzi oyenera kuoneka ndi oyenera kubisika, yasungidwa mwa njira ya Straight kapena Premultiplied. Kusankha molakwa ndiko kumabweretsa kamzere kakuda kapena koyera m'mphepete mwa chizindikiro. Kanema watsopano akakhala wamfupi kuposa wakale, kumapeto kumatsala mpata wopanda chithunzi, ndipo palibe china koma kuyang'ana Timeline yonse ndi maso anu.

Mu Malichi 2021 Adobe inawonjezera Media Replacement mu Essential Graphics, kuti wokonza template (ntchito yokonzedweratu kuti izigwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza) asiye malo amene mkonzi wa mu Premiere Pro, pulogalamu ya Adobe yolumikizira makanema, angaponyepo chithunzi kapena kanema wake osatsegula After Effects n'komwe. Kwa amene amatulutsa mapulogalamu a mlungu ndi mlungu okhala ndi maonekedwe amodzi, ichi n'chothandiza zedi. Placeholder ndi Proxy ndi zakale koma zidakali zamphamvu: yoyamba imasunga malo a kanema amene sanafike, yachiwiri imakupatsani fayilo yopepuka yogwirira ntchito pamene yolemera ikudikira nthawi ya render, yotulutsa kanema womaliza.

Poyerekeza ndi mapulogalamu ena a ntchito yofanana, Nuke ya Foundry kapena Fusion ya Blackmagic Design, kumene fayilo imalowa kudzera pa node yake (kabokosi kolumikizidwa ndi timabokosi tina ndi mizere), Read kapena Loader, ndipo mumaona ndi maso nthambi zonse zimene zikudalira fayiloyo, After Effects imabisa ubale umenewu m'kati mwa ma composition olowana, mwakuti musanadine Ctrl+H ndi bwino kutsegula kamuvi ka pamwamba pa Project panel kamene kamaonetsa kuti fayiloyo yagwiritsidwa ntchito kangati komanso kuti. Pa ntchito ya mitu, zolemba ndi zizindikiro ndingasankhebe After Effects, koma pa kanema wa zidutswa mazana zosinthasintha, ma node amapatsa mtendere wa mumtima woposa. Ndipo ngati pulojekiti ikupita kwa munthu wina, Collect Files, imene ili pansi pa Dependencies mu File, imasonkhanitsa mafayilo onse mu foda imodzi kuti wolandirayo asatsegule n'kupeza mizere yamitundumitundu ija.