CITI: Sikelo Yoyezera Makampani pa Uve wa Mafakitale Owapangira Katundu ku China

Kampani yomwe dzina lake lili pa foni kapena pa jinzi nthawi zambiri siikhala ndi fakitale yakeyake. Imangopereka oda, ena n'kupanga. Ndiye mtsinje ukada ndi utoto m'zigawo za ku China monga Zhejiang kapena Guangdong, mwini dzina uja amakana kuti sizikumukhudza. CITI (Corporate Information Transparency Index), sikelo yopatsa makampani malikisi potengera momwe amalondolera uve wa mafakitale owapangira katundu, inabwera kudzatseka pothawira pamenepo. Imayendetsedwa ndi bungwe loona za chilengedwe la IPE (Institute of Public and Environmental Affairs) la ku Beijing, lomwe a Ma Jun anakhazikitsa mu 2006, ndipo inayamba mu 2014 mothandizana ndi bungwe loteteza chilengedwe la NRDC la ku America. Chaka choyamba anayeza makampani 147, pano amapitirira 600. Malikisi ake ndi pa 100, zotsatira zimatuluka chaka ndi chaka, ndipo aliyense angaziwerenge kwaulere pa tsamba la IPE.

Msana wa ntchito yonseyi ndi Blue Map, nkhokwe yomwe IPE imasungamo zomwe maofesi aboma a ku China alengeza zokhudza mafakitale: amene analipitsidwa chindapusa, amene analamulidwa kuimitsa ntchito, amene madzi kapena utsi wawo unapyola mlingo wololedwa. Kuyambira 2014, mafakitale akuluakulu amatulutsanso poyera manambala ochokera pa zida zoyezera zomwe zili pa machumuni ndi pa mapaipi awo. Ubwino wake ndi woti mlandu suchokera m'mphekesera. Fakitale singanene kuti mabungwe akuisemera chinyau pomwe chikalatacho chinalembedwa ndi boma.

Kuti kampani ipeze malikisi, imayamba ndi kutenga mndandanda wa mafakitale omwe amaipangira katundu n'kuufananiza ndi Blue Map. Ikapeza fakitale yomwe ili ndi mlandu, imaikakamiza kufotokoza poyera chomwe chinalakwika ndi chomwe yakonza. Mlandu waung'ono umatha ndi zikalata, monga umboni woti chindapusa chinaperekedwa komanso zotsatira zatsopano za kuyeza madzi. Waukulu umafuna akatswiri oima paokha apite kukayendera fakitaleyo, mabungwe oteteza chilengedwe a mu mgwirizano wa Green Choice Alliance akuonerera. Palinso Blue EcoChain, pulogalamu yomwe imatumiza uthenga yokha fakitale ikangopezeka ndi mlandu watsopano, kuti kampani isamadikire kufufuza kamodzi pa chaka.

Pomwe CITI imatikhutiritsa kwambiri ndi poti siimathera pa fakitale yosoka kapena yolumikiza zida. Kosokera malaya kumatuluka uve wochepa. Vuto lili kumbuyo kwake: konyika nsalu mu utoto, kochapira jinzi, kofufutira zikopa, kokutira zitsulo ndi nickel kapena chromium, kopangira timabolodi ta m'foni komwe madzi ake amatuluka ndi kopa. Mafakitale amenewa nthawi zambiri sachita malonda ndi mwini dzina mwachindunji, n'chifukwa chake makampani ambiri sawadziwa n'komwe. CITI imapereka malikisi kwa kampani yomwe yawalondola mpaka kumeneko, kuphatikizapo malo oyeretsera madzi oipa komwe mafakitalewo amatumiza madzi awo ndi makampani onyamula zinyalala zoopsa. Izi n'zoyenera, chifukwa fakitale ingathe kuoneka yaukhondo pa geti, matope a mankhwala akukatayidwa kwina ndi lole ya kontrakitala.

Kuti njirayi imasintha zinthu, umboni wake ndi Apple. Mu 2011 IPE ndi mabungwe anzake anatulutsa malipoti awiri odzudzula kuipitsa chilengedwe kwa mafakitale omwe ankaganiziridwa kuti amaipangira zida, pa nthawi yomwe kampaniyi sinkaulula mayina awo. Mu Januwale 2012 Apple inatulutsa mndandanda wa mafakitale ake, ndipo CITI itayamba mu 2014 inali pa nambala wani. Mu 2018 makampani a zovala monga Gap, Puma ndi Inditex analola kuti zizindikiro zawo ziikidwe pa mapu pambali pa mafakitale awo, kuti aliyense aone kuti paipi iyi ikutumikira ndani.

Zofooka zilipo, ndipo si zazing'ono. Chachikulu n'choti malikisiwa amayeza khama la kampani pa kalondolondo, osati ukhondo wa mtsinje. Kampani yokhala ndi antchito ambiri oyankha makalata ndi kudzaza mafomu imakwera msanga, ngakhale ikugulitsa zovala zochuluka mwakuti madzi onse omwe mafakitale ake amawononga akuwonjezekabe. Malikisi apamwamba satanthauza kuti katundu wake ndi wosaononga chilengedwe; amatanthauza kuti ikauzidwa za vuto imachitapo kanthu.

Chofooka china n'choti Blue Map imaona zomwe boma laona basi. Dera lomwe oyendera ake ndi aulesi, kapena lomwe silitulutsa zikalata zonse, mafakitale ake amaoneka oyera. Paipi yobisika yomwe imatsegulidwa usiku siilowa m'nkhokwe mpaka wina ataigwira. Pofufuza pamafunikanso dzina lenileni la Chitchaina lomwe fakitale inalembetsa ku boma. Mukalemba dzina la Chingerezi lomwe lili pa invoisi, simupeza kanthu, n'kumaganiza kuti zonse zili bwino. Ndipo fakitale ikapatsa ina kagawo ka oda mwamseri, mndandanda wa mwini dzina suisonyeza.

CITI imayang'ana kwambiri China. Kampani yomwe yasamutsira maoda ake ku Vietnam kapena ku Bangladesh ikhoza kukhala ndi malikisi abwino pa kagawo kochepa ka katundu wake. Katundu wopanda dzina lodziwika, ngati machaja ndi nsapato zambiri zomwe zimadzaza m'misika ya ku Limbe ndi ku Lilongwe, mulibemo konse.

Kwa wogula zinthu zambiri za ofesi kapena woitanitsa katundu kuchokera ku China, timalimbikitsa kugwiritsa ntchito CITI, koma musathere pa malikisi onse pamodzi. Tsegulani gawo lililonse, muone makamaka zomwe kampani yapeza pa kulondola mafakitale a kumbuyo, muifananize ndi anzake a bizinesi yofanana okha. Ngati mukugula mwachindunji ku fakitale, pemphani kope ya laisensi yake ya bizinesi, mutenge dzina la Chitchaina pamenepo, mulifufuze nokha mu Blue Map musanalipire dipoziti.