SPR kapena QCM-D: funsani kaye za chip musanasungitse makina

Mwezi uno wokha anzanga atatu andifunsa funso limodzi. Onse akuyamba kafukufuku wa mmene mapuloteni amamatira pa zinthu, ndiye akuti tisungitse nthawi pa makina a SPR (surface plasmon resonance) kapena a QCM-D (quartz crystal microbalance with dissipation)? Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp. Ndineneretu kuti ndili ndi mbali, chifukwa SPR inandipweteka m'thumba ndipo mpaka pano sindinaiwale.

Makina onsewa amaona zinthu zikumata nthawi yomweyo, popanda kupaka utoto pa puloteni. SPR imaona ndi kuwala kowomba pa golide wopyapyala, wa mananomita pafupifupi 50, wokutidwa pa galasi. QCM-D imamva ndi kunjenjemera kwa kachimbale ka quartz. Ndi mkangano wa pachibale ndithu, popeza onse anakulira ku Sweden: Liedberg, Nylander ndi Lundström a ku Linköping anaonetsa mu 1983 kuti SPR itha kuona mapuloteni akugwirana, pomwe QCM-D inatuluka m'gulu la Bengt Kasemo ku Chalmers, mumzinda wa Gothenburg, m'zaka za m'ma 1990.

Tsono nkhani yanga. Labu ina yobwereketsa makina inandipatsa mtengo wa SPR pa tsiku. Ndinawerengera masiku atatu, asupavaiza anga n'kusayina. Safunsa anadya phula. Mtengowo unali wa makina okha, chip, kagalasi ka golide kaja komangirirapo puloteni, ndi yogula padera, ndipo pepala lawo silinatchule zimenezo paliponse. Ndinazidziwa m'mawa wa tsiku loyamba, mayi woyang'anira makina atatulutsa kapaketi mufiriji n'kundifunsa kuti, "Achimwene, iyi tilembe pa akaunti yanji?" Chip imodzi inali ndalama yanga ya chakudya ya mwezi wathunthu.

Ikanakhala imodzi yokhayo bwenzi nditangomeza malovu. Koma pa chip yokutidwa ndi dextran, mtundu wina wa shuga, puloteni umaimangirira ndi mankhwala otchedwa EDC ndi NHS, ndipo ikamangika yamangika, siichokanso. Chimene umachotsa pakati pa mayeso ndi molekyu inzake imene umathira kuti idzaigwire, ndipo ambiri amatsuka ndi glycine wa pH pafupifupi 2. Puloteni yanga sinapirire asidi ameneyo. Nditatsuka koyamba mzere wa pa sikirini, woonetsa kugwiranako, unakwera bwinobwino, kachiwiri unatsikako, pofika kachinayi unangoti gone pansi ngati sindinathirepo kanthu. Ndinali nditaipha ndekha, ili chimangirire pa golide wodula uja. Chip yachiwiri inathera pofufuza chotsukira chofatsa. Zotsatira zimene zili mu thesis yanga zinachokera pa yachitatu, ndipo masiku atatu aja anakhala asanu ndi awiri.

Kachimbale ka QCM-D nakonso n'kogula, sikaulere. Koma kokutidwa ndi silica kakagwira ntchito umakaviika mu sopo wotchedwa SDS, n'kutsukuluza ndi madzi, kuumitsa ndi nitrogen, kukaika mu UV ndi ozone kwa mphindi khumi, mawa kali pantchito. Ukalakwitsa umangotaya tsiku.

Ndisakunamizeni, QCM-D ili ndi khalidwe lake loipa: imayeza ndi madzi omwe. Masamu a Sauerbrey a mu 1959 amati pa kachimbale ka 5 MHz, kunjenjemera kukatsika ndi 1 Hz ndiye kuti pamata mananogalamu 17.7 pa sikweya sentimita, koma amagwira bwino pa chinthu chopyapyala ndi cholimba basi. Puloteni yofewa imanyamula madzi ake, ndiye kulemera kumene mwapeza kumaposa kwa puloteni yeniyeniyo, nthawi zina kangapo. Musalembe nambala imeneyo ngati kuchuluka kwa puloteni, akakugwirani pa viva, mayeso apakamwa a thesis.

Komabe madzi omwewo ndi amene anandikondetsa makinawa. Thirani timipira ta mafuta, ma vesicle aja, pa silica muone. Mzere wa frequency, liwiro la kunjenjemera kuja, umatsika kwambiri timipirato tikamaunjikana tili tathunthu, todzaza madzi, ndipo wa D, woonetsa kufewa, umakwera. Kenako timayamba kuphulika, madzi n'kutuluka, frequency n'kubwerera m'mwamba mpaka kukhazikika cha pa -26 Hz, D n'kugwera pafupi ndi ziro. Pamenepo mwadziwa kuti bilayer, kansalu ka mafuta ka magawo awiri, yayalika ngati mphasa. Keller ndi Kasemo anazilemba mu 1998, koma kuziona wekha pa sikirini ndi zina. SPR pa nkhani yomweyi imangoonetsa mzere ukukwera, osakuuza kuti timipira tasweka liti.

Pa liwiro la kugwirana ndi kusiyana kwa mamolekyu, ndiponso pa nambala ya KD yoonetsa mphamvu ya kugwiranako, SPR ndi mfumu, ndikuvomera mokukuta mano. Pa mankhwala a timamolekyu tating'ono chimodzimodzi, bola musamale DMSO, yosungunulira mankhwalawo: kusiyana kwa 1% kokha pakati pa sampulo ndi buffer, madzi oyenda pa chip, kumalumphitsa mzere ndi ma RU (muyeso wa SPR) pafupifupi 1200, pomwe ma RU 1000 ndi nanogalamu yathunthu ya puloteni pa sikweya milimita. Sampulo QCM-D imamwa yambiri. Thovu la mpweya limawononga tsiku konsekonse.

Mmodzi wa anzangawo anafunsanso za ellipsometry, njira ina yoyezera ndi kuwala. Ngati mukungofuna makulidwe a kansalu kouma pa silicon, pitani kumeneko, n'kotchipa, kungoti pa mananomita ochepa imavutika kulekanitsa makulidwe ndi refractive index, mmene chinthucho chimapindira kuwala.

Ndiye anzanga atatu inu: inu awiri a ma bilayer ndi ma polymer, pitani pa QCM-D osacheuka. Inu a ma antibody, SPR simungaizembe, koma musanasayinitse chilichonse afunseni akulembereni mtengo wa chip, mupemphe ndalama ya zitatu, ndipo yoyambayo muiwerengere kuti ndi yoyesera chotsukira.