Galaja ya ku Ulongué imene inadzutsa Unimog wa malume

Galimotoyi inakhala zaka zambiri pansi pa mkuyu kuseri kwa nyumba ya malume anga, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ndi Unimog 404, mtundu umene asilikali a Chipwitikizi ankayendera kuno ku Tete pa nkhondo yomenyera ufulu. Malume anaigula ngati chitsulo chabe nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1992. Atamwalira, abale ankafuna kuipereka kwa ogula zitsulo pasikelo. Ine ndinakana, n'kuikoka ndi thirakitala kupita nayo kwa makaniko wina wachikulire wa ku Ulongué amene anthu amangowatchula kuti a mestre. Ndaiyendetsa miyezi 5 tsopano, ndiye ndikhoza kunenapo za ntchito yawo.

Anyamata awiri amene ndinayamba kuwafunsa anandiuza zofanana: chotsani injini, muikemo ya dizilo ya Toyota, nkhani ithe. A mestre tsiku loyamba sanagwire n'komwe sipanala. Anayala thumba pansi, n'kukwawira kunsi ndi tochi, kenako anandiitana. "Achimwene, bwerani muone. Ekiselo sinalunjike pakati pa tayala ngati pa magalimoto enawa. Ili pamwamba, ndipo mphamvu imatsikira kutayala kudzera m'magiya amene ali m'kabokosi aka." N'chifukwa chake mimba ya Unimog imadutsa pamwamba pa zitsa ndi miyala osakhudza. Atatsegula timabokosi tonse tinayi, tiwiri tinatuluka madzi amatope m'malo mwa oilo.

Injini anakana kuitaya. Ndi M180 ya petulo, ya malita 2.2, masilinda 6, ya mtundu umodzi ndi imene inali m'magalimoto a Mercedes 220. Anati siinafe, yangouma. Milungu iwiri yathunthu ankathira dizilo m'mabowo a mapulagi, m'mawa uliwonse n'kumaigwedeza ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka inavomera kuzungulira. Magetsi ake ndi a mavoti 24, mabatire awiri, ndipo mawaya opita kumapulagi ndi okutidwa ndi chitsulo choluka kuti moto wake usamasokoneze wailesi ya asilikali. Wina akanangowadula. Iwo anawatsuka mmodzimmodzi n'kuwabwezera. Galimoto zimenezi anasiya kuzipanga ku fakitale ya ku Gaggenau, ku Germany, mu 1980, choncho chimene wataya lero suchipeza pasitolo mawa.

Zondiwawa zilipo, ndipo sindibisa. Anandilonjeza miyezi 3, ntchito inatenga 8. Mtengo unakwera pafupifupi ndi theka la umene tinagwirizana, ndipo ankandiuza atagula kale chinthucho. Foni sayankha, umachita kuwalondola kugalaja. Zipangizo za mabuleki zochokera ku Johannesburg zinabwera zolakwika ulendo woyamba chifukwa muyeso anauyerekeza ndi maso, ndiye ndalama yonyamulira ndinalipira kawiri. Lisiti ndinachita kuumirira. Amene mukufuna kupita kumeneko, lemberanani papepala chilichonse musanapereke metical ndi imodzi yomwe.

Pamsewu ndiye palibe chimene ndingadandaule. Mu February ndinanyamula mbatatesi kuchokera cha ku Tsangano mvula itagwa usiku wonse. Pachitunda china malole awiri anali atatitimira, anthu akuyala nthambi m'matope. Ndinalowetsa mphamvu kumatayala akutsogolo, n'kutseka madifu kuti matayala onse azizungulira limodzi, ndipo inakwera mwakachetechete ngati ng'ombe yodziwa njira. Ndinabwereranso kukakoka pikapu ya munthu wina amene anali ndi mayi wodwala kumbuyo. Koma petulo imamwa zedi, ndipo katundu wake sapitirira tani imodzi ndi theka. Izi a mestre anandichenjeza pachiyambi pomwe, kuti wofuna phindu la bizinesi agule Canter.

Chimene chandipangitsa kuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5 ndi nkhani ya penti. Iwo ankafuna kuibwezera mtundu wake wobiriwira wausilikali, anali atasakaniza kale. Abambo anga atamva anakana. Anakulira cha ku Furancungo, ndipo amakumbukira magalimoto omwewa akubwera kudzasamutsira anthu m'ma aldeamento, midzi ija yolonderedwa ndi asilikali, ufulu wa 1975 usanabwere. Anati, "Mwana wanga, mtundu umenewo usalowenso pakhomo pano." Ndinkaopa kuti a mestre, munthu wokakamira kuti chilichonse chikhale monga chinalili, atsutsa. Anangovula chipewa, n'kunena kuti amdala anena zoona. Anaipaka wabuluu. Anyamata awo anapopera mothamanga moti pachitseko chakumanzere penti inayenderera, koma chimenecho ndachilola.

Tsiku limene ndinafika nayo kumudzi, abambo anaimirira pakhonde atamva kulira kwa injini, osasendera. Padapita mwezi asanaikhudze. Sabata yatha anandipempha okha kuti ndiwaperekeze kudimba, anakwera movutikira chifukwa ndi yaitali, ndipo njira yonse anagwira chitseko ndi manja awiri osalankhula. Pobwerera ndiwo anandionetsa dontho la oilo mkati mwa tayala lakumbuyo kumanja. Lolemba ndikuibwezera kwa a mestre akaone kabokosi kameneko.